Mphika wa chitsulo ukang'aluka musathamangire kwa ogula zitsulo zakutha

Akonzi,

Zikomo pondipatsako danga mu nyuzipepala yathuyi. Ndikudziwa kuti nkhani yangayi ena aiona yochepa poyerekeza ndi za feteleza ndi za mafuta zomwe zimadzadza masamba anu sabata ndi sabata, koma ine yandikhala pamtima miyezi ingapo tsopano ndiye ndati bola ndilembe basi, mwina kwinakwake kuli munthu amene ali ndi mphika ngati wathu ndipo mawa lomweli akufuna kuupereka kwa anyamata oyenda ndi sikelo aja amafuula kuti zitsulo zakutha.

Kwathu ku Ntcheu tili ndi mphika wa chitsulo wa miyendo itatu, wakuda bii, umene agogo aamuna anabwera nawo kuchokera ku Joni m'zaka za m'ma 1960 nthawi ya Wenela, bungwe lija linkatenga anthu kukagwira ntchito ku migodi. Pa chivundikiro pake panalembedwa kuti Falkirk ndi nambala 6. Falkirk ndi tauni ya ku Scotland yomwe inatchuka ndi ntchito yosungunula zitsulo, ndipo miphika ya dzina limeneli inadzayamba kupangidwanso ku South Africa konko kumene amaitchula kuti potjie, koma ife timangoti mphika wa agogo. Iwo ankatiuza kuti pobwerera anasiya katundu wina kwa mnzawo kuti mphikawu ukwane, chifukwa agogo aakazi anali atawauza kuti zovala zimatha koma ine mundibweretsere chophikira. Achinyamata ambiri sadziwa kuti anthu athu opitirira 100,000 anali ku migodi imeneyo pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown mu April 1974 nkupha anthu opitirira 70, a Kamuzu nkuletsa ulendowo, kenako unadzatsegulidwanso mu 1977 pa dzina la Theba mpaka unatheratu mu 1988. Mabulangete aja anatha, masutikesi a malata aja anadyedwa ndi dzimbiri, ma wayilesi anafa kalekale. Chimene chatsala m'makomo ambiri cha thukuta la azigogo athu ndi miphika imeneyi basi.

Ndipo mphikawu sunali wokongoletsera nyumba ayi. Nyemba, mang'ina, nthumbwana, nyama ya ng'ombe yokalamba ija imalimba ngati tayala, zonse zimapsa bwinobwino mmenemo ndi nkhuni zochepa chifukwa ukangogwira moto umasunga kutentha nthawi yaitali, olo moto utazilala umangopitiriza kubwata pang'onopang'ono. Sufuna mafuwa, miyendo yake ndi mafuwa kale. M'mudzi mwathu maliro akagwa, chinkhoswe chikakhalapo, mwana amabwera kudzanena kuti akuti mutibwereke mphika uja, ndipo palibe tsiku limene amayi anakaniza.

Unang'aluka chaka chatha mwezi wa July, tsiku lovundukula chiliza cha mayi anga. Kunkazizira zedi m'mawa umenewo, aliyense amene anagonako ku Ntcheu mu July akudziwa zomwe ndikunena. Azimayi anateleka nyemba m'bandakucha, moto anasonkhezera wambiri wa zitsa, ndiye m'chipwirikiti cha alendo ndi kusonkha nsima nyemba zija zinaphwera mpaka kuyamba kununkha kupserera. Mtsikana wina pofuna kupulumutsa ndiwo anangotenga ndowa ya madzi amene anagona panja usiku wonse nkukhuthulira mmenemo. Ine ndinali chapatali pang'ono ndikukonza mipando koma ndinamva phokoso lake, thaa, ngati wina wathyola nsungwi youma. Titachotsa nyemba tinapeza mng'alu wayambira kukamwa kutsika chammbali kulunjika ku mwendo umodzi, kutalika kwake ngati chikhatho changa. Azakhali anga anangokhala pansi pompo nkuyamba kulira, ndipo sankalirira nyemba ayi. Mtsikanayo sindimuimba mlandu, palibe anamuuzapo kuti chitsulo cha mtundu umenewu chikatentha sichifuna madzi ozizira, iye anazolowera masefuliya amene umathira madzi nthawi ina iliyonse osaona vuto.

Kulakwa kwachiwiri kunali kuthamanga. Lolemba lake ndinaumangirira pa kaliyala wa njinga kupita nawo pa trading centre kwa mnyamata wina wowotcherera, amene ntchito yake ya mageti ndi mafelemu a mawindo ndi yabwino ndithu, anthu amamuyamikira. Anangouyang'ana nkunena kuti biggie izi ndi za 10 minitsi. Anatenga marodi omwe aja amawotcherera mabagalabazi, a 6013, nkuyendetsa mzere umodzi wautali kuchokera kukamwa mpaka pansi osapumira, kenako kuti ndisachedwe anathira madzi pamwamba pake kuti pazizire ndinyamule. Poyang'ana panali pokongola, ndinalipira ndikumwetulira. Ndili m'njira ndinayamba kumva kumbuyo kwanga timaphokoso, ting, kenako ting, ine nkumaganiza kuti ndi chivundikiro chikugunda. Kufika kunyumba kumasula chingwe ndinapeza mng'alu watsopano wayenda m'mbali mwenimweni mwa pomwe anawotcherera paja, wautali kuposa woyamba uja, kutsala pang'ono kufika pa mwendo. Usiku umenewo tulo sindinatione.

Apa ndi pamene malangizo anayamba kubwera kuchokera mbali zonse, ndipo ena mwa iwo ndi amene andipangitsa kulemba kalatayi chifukwa ndi oopsa. Wina anati gulani Pratley mumatepo. Pratley ndi yabwino pa zinthu zambiri, ine ndinamatirapo thanki ndipo ikugwirabe, koma ndi guluu, pa moto wa nkhuni imapserera ndipo si chinthu choti chizikhudzana ndi chakudya chowira. Wina, munthu wamkulu ndithu, anati pitani kwa okonza ma radiator akathirepo soda wawo womatira zitsulo uja, kapena musungunule mtovu wa mu batire yakutha muthire mu mng'alumo umatseka bwino. Abale anga, chonde chonde, mtovu ndi poizoni. Umasungunuka pa madigiri 327 okha, kutentha komwe moto wa nkhuni umapitirira mosavuta, ndipo ukalowa m'thupi sutuluka msanga, kwa ana umawononga ubongo mwakachetechete, mwana amangoyamba kuvutika m'kalasi inu osadziwa kuti gwero lake ndi mphika wa pakhomo. Palibe mlingo wa mtovu umene a zaumoyo amati uwu ndiye ulibe vuto. Amalume anga iwo anati zatha izi mphwanga, kaperekeni kwa a sikilapu mupezeko ya sopo. Ndinafunsadi mtengo pa kilo, ndipo ndalama yomwe anatchula pa mphika wonse sikanagula ngakhale sefuliya yapakatikati.

Safunsa anadya phula, ndiye ulendo uno ndinayamba kufunsa kaye. Makaniko wina wa zigayo ndi amene anandilozera kwa bambo ena achikulire cha ku Balaka, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku workshop ya njanji ku Limbe ndipo pano anapuma, amangokonza tinthu pakhonde ndi kamashini kawo kakale. Nditafika nawo sanathamangire kutchula mtengo. Anaukoleka mphika uja pa waya nkuugogoda ndi kasipanala, unalira kuti phwa phwa ngati chidebe, iwo nkuti mwana wanga mphika wamoyo umalira ngati belu la tchalitchi, uwu wavulala koma tiyeni tione ngati chitsulo chake chidakali ndi moyo. Anapala pang'ono pansi pake ndi fayilo nkupaka chala, chala chinada ngati wagwira nsonga ya pensulo, anagwedeza mutu nkuti kasiti weniweni uyu, kutanthauza chitsulo choumba chomwe pa Chingerezi amati cast iron. Kenako anachita chinthu chomwe sindidzaiwala. Anatsuka mbali yonse ya mng'alu ndi bulashi ya waya, kunja anapaka choko cha kusukulu chonyowetsa nkuchisiya kuti chiume mpaka kuyera mbee, mkati anapaka palafini ndi kansanza. Tinakhala pansi kumwa tiyi. Patapita kanthawi palafini uja anadutsa mu mng'alu nkujambula kamzere konyowa pa choko paja, ndipo kamzereko kanapitirira ndi zala ziwiri pamene maso anga ankati mng'alu wathera. Anati mwaona, mukawotcherera pomwe mukuona pokha ndiye kuti mwasiya muzu.

Anandifotokozera chifukwa chimene mnyamata uja analepherera, ndipo sanamunyoze ngakhale pang'ono, anangoti sanaphunzitsidwe. Chitsulo cha mageti ndi chofewa, chimapindika, ukachiwotcherera nkuzizira chimadzikoka chokha osathyoka. Kasiti ndi wina. Amachita kumusungunula nkumuthira mu chikombole cha mchenga, ndipo ali ndi carbon wambiri, magawo 2 mpaka 4 pa 100 alionse, pomwe chitsulo cha mageti sichifika ngakhale theka la gawo limodzi. Carbon ameneyu amakhala mkatimo ngati timamba ta graphite, yemwe uja ali mu pensulo, nchifukwa chake chala chinada chija. Ndiye kasiti ndi wolimba, moto samauopa, koma sapindika, ukamukakamiza amathyoka ngati mbale yadothi. Ukathira madzi ozizira mu mphika wotentha mkati mumafuna kukhwinyata msanga pomwe kunja kudakali kofutukuka, chitsulo chimakokana chokhachokha mpaka thaa. Powotcherera ndi chimodzimodzi, pamalo amodzi pamatentha mpaka kusungunuka pomwe mphika wonse uli wozizira, ndiye pakazizira msanga m'mbali mwa msoko mumasanduka chitsulo chouma gwa ngati galasi, kwinaku msoko wa rodi wamba uja ukudzikoka pozizira, mapeto ake umang'amba m'mbali mwake. Ting ting ndinkamva pa njinga uja unali mphika ukung'ambika ndili nawo kumbuyo.

Anandituma marodi a nickel, amene pa paketi amalemba ENi-CI kapena ENiFe-CI, ena amangoti marodi a kasiti. Nickel ndi wofewa, sagwirizana ndi carbon nkuuma ngati mmene chimachitira chitsulo wamba, ndiye msoko ukamazizira umalolera kukokeka mmalo mong'amba mphika. Kuwapeza kwake inali ntchito payokha, mahadiweya a kwathu onse analibe, ena ankandipatsa a stainless nkumati ndi omwewo koma madala aja anali atandichenjeza kale kuti ndisalole. Ndinakawapeza ku Blantyre ndipo amagulitsa imodziimodzi chifukwa rodi imodzi mtengo wake ungagule marodi wamba ambirimbiri. Ndinagula asanu. Ndikaphatikiza thiransipoti ndi zonse ndalama inapita ndithu, sindinama, koma pitani mukafunse mtengo wa mphika watsopano wa saizi imeneyi wochokera ku South Africa makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mubwerako mutagwira pakamwa.

Tsiku la ntchito anandiuza kuti ndifike m'mamawa ndi thumba la makala, ndipo tinayamba tatsimikiza kaye kuti magetsi alipo tsiku lonse chifukwa akuti ntchito imeneyi siimira pakati. Choyamba anaboola kabowo kakang'ono ndi drill kumapeto kwenikweni kwa mng'alu uliwonse, pomwe palafini anasonyeza paja, kuti mng'alu ukafika pa bowo usowe poyendera. Ndinaona kuti poboola sipankatuluka timapiringidzo ngati pa chitsulo wamba, pankangotuluka fumbi lakuda. Kenako ndi gilayinda anachotsa msoko wonse wa mnyamata uja mpaka kufika pa chitsulo cha mphika chenicheni, nkukumba kangalande kooneka ngati V motsatira mng'alu cha kunja, osabooleza mkati, anati tikufuna nickel akhale kunja kwambiri, chakudya chizikhudza chitsulo chake chomwe chija. Atatero tinakoleza makala pansi pakati pa njerwa, mphika pamwamba, makala ena mkati, nkuvundikira ndi lata kuti utenthe wonse mofanana pang'onopang'ono. Panatuluka utsi wonunkha mafuta, iwo nkuti amenewo ndi mafuta a ndiwo za zaka 60 amene analowerera m'chitsulo, akapanda kupsa rodi imangolavula osagwira. Choyezera kutentha analibe. Anali ndi kachidutswa ka thabwa la paini, amakhudzitsa pa mphika, tsiku limenelo ndinaphunzira kuti paini akayamba kuda nkufuka utsi ndiye kuti chitsulo chapitirira madigiri 300, ndipo anadikira mpaka pamenepo.

Kuwotcherera kwenikweniko kunali kochedwa moti munthu wopupuluma sangapirire. Mphamvu ya mashini anaitsitsa. Amawotcherera kachigawo kakafupi ngati theka la chala, masentimita awiri kapena atatu basi, nkusiya, pompo nkutenga kahamala ka mutu wobulungira nkumagogoda pamsoko udakali wotentha, go go go go mopepuka ngati akukhomerera nsapato, akuti kuteroko kumafutukula msoko kuti usakoke mphika pozizira. Kenako bulashi, kuyang'anitsitsa, kubwezera mphika pa makala, ndiye nkukayamba kachigawo kena kutali ndi koyamba kaja, osati kupitiriza pomwe anasiyira. Ine ntchito yanga inali kukupiza makala ndi kutchinga mphepo ndi lata lina, chifukwa akuti ngakhale kamphepo kozizira kokha kakhoza kuwononga zonse. Mng'alu umene mnyamata uja anautseka pa mphindi 10 unawatengera kuyambira cha m'ma 9 mpaka dzuwa kupendeka. Timabowo tija anatitseka pomalizira. Nthawi yonseyi amayankhula pang'ono, maso ali pa chitsulo, khutu lili tcheru kumvetsera ngati pamveke ting. Sipanamveke.

Atamaliza ndinaganiza kuti ndinyamula, iwo anaseka nkuti lero mugona konkuno kapena mupite mudzabwere mkuja. Anali atakumbiratu dzenje kuseri kwa nyumba, pansi anathira phulusa lotentha ndi makala otsala aja, tinaunyamula ndi mawaya awiri mothamanga nkuuika mmenemo, pamwamba phulusa lina ndi mchenga wouma, wouma ndithu osati wa chinyontho, nkuvundikira ndi lata. Mawa lake masana nditapisa dzanja mumchengamo munali mukadali mofunda. Tinaufukula tsiku lachiwiri. Anaukolekanso pa waya uja nkundipatsa sipanala kuti gogodani nokha mwana wanga. Akonzi, unalira ngwee, kulira kotalika, ndipo ine misozi inalengeza chifukwa ndi kulira komwe ndinkakumva ndili mwana amayi akagunda mthiko pakamwa pake.

Tinadzaza madzi nkuusiya pa simenti youma mpaka madzulo, sipanadonthe ngakhale kadontho. Kunyumba azakhali anaukwecha mkati ndi mchenga ndi phulusa, kuuumitsa pa moto wochepa, kupaka mafuta ophikira pang'ono zedi ndi kansalu nkuutenthetsa mpaka utsi, kubwereza katatu kuti ubwerere kuda kwake kuja kumene kumauteteza ku dzimbiri, popeza moto wa makala uja unali utachotsa zonse. Phala loyamba anaphika la gaga nkukataya, monga ankachitira agogo ndi mphika wadothi watsopano. Chipsera chikuoneka kunja, choyererako, sitinachibise.

Ndinene chilungamo kuti si mphika uliwonse umene ungapulumuke, madala aja ananena okha. Ngati pansi pake padyeka ndi dzimbiri mpaka kupyapyala, kapena chitsulo chapsa kwambiri ndi moto wa zaka zambiri moti ukapala chimangoyoyoka, rodi siigwira olo ukhale katswiri wotani. Mng'alu wodutsa pansi penipeni pomwe pamakhala moto ndi wovutanso kuposa wa m'mbali ngati wathuwu. Pali njira ina yowotcherera ndi gasi pogwiritsa rodi ya brass, imagwira bwino pa kasiti ndipo siitenthetsa chitsulo kwambiri, koma iwo anati pa mphika wa ndiwo saikonda chifukwa muli mkuwa, ndipo zowawasa ngati matimati, bwemba kapena chidede zimasungunula mkuwa pang'onopang'ono, imeneyo ndi yabwino pa mwendo wothyoka, pa chigwiriro kapena pa chivundikiro. Ndipo ngakhale mphika woti sungasungenso madzi si wotaya, umakazinga chimanga ndi mtedza bwino kuposa chiwaya chilichonse. Zomwezi zikukhudzanso simbi za makala, mitu ya mashini osokera akale aja a Singer, mbaula za Dover zomwe zikungogona m'nyumba zakale za mishoni ndi m'maesiteti, zonsezo ndi kasiti ndipo zambiri zikupita pa sikelo chifukwa cha kamng'alu kamodzi.

Chinanso chimene chikundiwawa ndi chomwe timagula mmalo mwake. Tikagulitsa mphika wa chitsulo timathamangira mapoto onyezimira aja amaumba m'misika posungunula aluminiyamu wa zitsulo zakutha. Sindikunyoza amisiri amenewa, ndi anthu olimbikira ndipo akudyetsa mabanja awo, koma funso ndi lakuti akusungunula chiyani. Mu ng'anjo zimenezi mumalowa zidutswa za mainjini, ma radiator, zitini ndi zina zotero, ndipo ofufuza atayeza mapoto opangidwa mwa njira yomweyi ku Cameroon ndi m'maiko ena anapeza kuti ambiri amatulutsa mtovu m'chakudya, makamaka chikakhala chowawasa. Chikomekome cha mkuyu. Pomwe mphika wa chitsulo chomwe umatulutsa m'chakudya ndi iron, yemwe thupi limamufuna popanga magazi. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 63 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu kuno ku Malawi anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi, ndipo amayi anali 33 pa 100. Ku Ethiopia anayesapo kupatsa mabanja miphika ya chitsulo ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 1999 zinasonyeza kuti magazi a ana anakwera, kuno kwathunso anayesapo m'midzi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ngakhale kuti ambiri ankadandaula kuti miphikayo ndi yolemera komanso imachita dzimbiri. Zoona ndi yolemera, ndipo dzimbiri limabwera ukausiya ndi madzi kapena kugoneka ndiwo mmenemo. Sindikunena kuti mphika ulowe mmalo mwa mankhwala a kuchipatala ayi, malungo ndi njoka za m'mimba nazo zimamaliza magazi, koma zikundipweteka kuti chinthu chothandiza chili kale m'nyumba ife nkumachigulitsa pa kilo. Ndikanakonda a Malawi Bureau of Standards atamayezako mapoto a m'misikawa nkutiuza poyera zomwe apeza, komanso kuwathandiza amisiriwo kudziwa zitsulo zoyenera kusungunula ndi zosayenera.

Pempho langa lalikulu likupita kwa a TEVETA ndi masukulu a ntchito zamanja, ku Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu, Livingstonia ndi ma community technical college amene anayamba kutsegulidwa mu 2015. Owotcherera ambiri amene tili nawo m'ma trading centre anaphunzirira pa ntchito kwa abwana awo, ndipo abwanawo nawonso ntchito yomwe imabwera tsiku ndi tsiku ndi mageti, mawindo ndi mabedi, ndiye luso la kasiti alitenga kuti? Anthu amene analidziwa bwino ndi omwe anagwira ku njanji, m'maesiteti a tiyi ndi a shuga, m'magalaja akuluakulu akale, ndipo ambiri akalamba, maso ayamba kuchita chidima. Madala anandithandizawa anandiuza kuti pa anyamata onse amene anadutsa pakhonde pawo palibe anakhalitsa, amati ntchito yake ndi yochedwa ndalama yake siioneka. Bwanji osawaitana akuluakulu oterewa, olo sabata imodzi pa teremu, akaonetse ana athu ndi manja mmene amachitira? Sizifuna mashini odula, zomwe ndinaona ine ndi choko, palafini, makala, kahamala, phulusa ndi kudekha. Mnyamata amene angadziwe zimenezi sadzasowa ntchito chifukwa eni zigayo, eni mathirakitala ndi eni mapampu a madzi amalira tsiku ndi tsiku ndi zitsulo za kasiti zong'aluka zomwe kuitanitsa kunja ndi ndalama zankhaninkhani.

Kwa achimwene anga owotcherera, kunena kuti ichi sindichidziwa, pitani kwa akuti, sikuchotsa ulemu. Mnyamata wa kwathu uja ndinabwererako, osati kukakangana naye, ndinapita ndi mphika womwewo kukamuonetsa msoko wa madala aja ndi rodi imodzi yomwe inatsala. Anaugwiragwira nthawi yaitali, kufunsa mafunso ambiri, kenako anandipempha kuti tsiku lina ndidzamuperekeze ku Balaka. Tagwirizana kuti tipita mwezi wa mawa akamaliza mageti a sukulu ina amene ali nawo pamanja, ndipo wapeza kale simbi ya makala yothyoka chigwiriro yoti akaphunzirirepo.

Mphika uja unabwerekedwa koyamba mwezi wathawu pa chinkhoswe cha mwana wa a nyakwawa. Azakhali anauperekeza okha mpaka kukhitchini nkuwauza azimayi onse kuti moto muyambe wochepa, musausiye pamoto uli wopanda kanthu, ndipo ndiwo zikaphwera muthire madzi otentha a mu ketulo, pang'onopang'ono, cha m'mbali. Unabwerako madzulo ake uli wotsukidwa, wopakidwa mafuta, mkati muli kambale ka nyama.

Ine wanu,
Wowerenga wa ku Ntcheu